Mwana wanga wayamba kuyenda ndi mfuti m'chiuno poonekera, ndithandizeni maganizo

MayiWaKuGarland
Abale anga ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi. Mwana wanga woyamba, wa zaka 23, amagwira ntchito ya usiku pa filling station ina kuno ku Texas. Mwezi wathawu anyamata awiri analowa cha m'ma 2 koloko usiku nkumuloza mfuti kumutu, ndalama anatenga koma Mulungu anamusunga. Nde Lamulungu lapitali wabwera kudzadya nsima kunyumba, akuwerama pa sinki kuti asambe m'manja ine ndikuona chinthu chakuda pa lamba. Ndimayesa foni. Mfuti abale, pamwamba pa shati, aliyense akuiona. Kumufunsa akuti amayi musadandaule lamulo likundilola, kuno sipafunikanso laisensi, ndipo wakuba akaiona amabwerera yekha. Nsima ija sinatsike. Akubawo ndikuwaopa inde, koma amene akundiopsa kwambiri ndi apolisi. Mnyamata wakuda, wamtali, wandevu, mfuti m'chiuno, usiku. Bambo ake akuti ndimusiye wakula. Inu amene mwakhalitsa kuno ndiuzeni, mantha angawa ndi opanda pake?

TrakiYaUsiku
Mayi mantha anuwo si opanda pake ata. Lero lomwe muuzeni aivalire pansi pa shati, zinazo tikambirane pambuyo.

Nyasa_Houston
Pepani ndi zimene anakumana nazo mwanayo. Koma pa lamulo sakunama. Ku Texas kuyambira pa 1 September 2021 munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo amene alibe mlandu womuletsa atha kunyamula pistol popanda laisensi, poonekera kapena mobisa, bola ikakhala poonekera ikhale mu holster, kathumba koikamo mfuti pa lamba. Ine ndimanyamula chaka chachinayi chino ndipo sindinavutikepo ndi wapolisi. Second Amendment, gawo la malamulo a dziko la America lopereka ufulu wokhala ndi mfuti, sanalembere azungu okha. Ife tikamangoti tikuopa tikuopa nde kuti ufuluwo tawasiyira eni ake, mbava zikhala ndi mfuti ife tili manja lende pa kauntala. Munthu anamuloza mfuti kumutu, mukufuna atani?

Namwino_SouthBend
Achimwene a ku Houston, palibe akutsutsa kuti lamulo likulola. Funso la mayiwa ndi lakuti wapolisi akaiona mfutiyo chimachitika ndi chani. Philando Castile naye lamulo limamulola, anali ndi chilolezo chake bwinobwino. Pa 6 July 2016 anamuimitsa pa galimoto ku Falcon Heights ku Minnesota, muli chibwenzi chake ndi kamwana ka zaka 4 kumbuyo. Iye mwaulemu wake anamuuza wapolisiyo kuti bwana ndikudziwitseni ndili ndi mfuti. Sipanathe ndi mphindi imodzi, wapolisiyo, Jeronimo Yanez, anaombera zipolopolo 7 mgalimotomo. Mtsikana uja anayatsa Facebook Live dziko lonse likuona munthu akutha magazi pa mpando. Chaka chotsatira khothi linamupeza wapolisiyo wopanda mlandu. Munthu ankagwira ntchito yogawa chakudya kwa ana pa sukulu, sanali chigawenga. Laisensi imakhala mu waleti, wapolisi saiona. Chimene amaona ndi chitsulo ndi nkhope yako.

Nyasa_Houston
Castile analakwitsa kusuntha dzanja atanena kale za mfuti. Ukanena umaima chilili.

Namwino_SouthBend
Anali atamuuza kuti atulutse laisensi yoyendetsera galimoto. Nde amvere lamulo liti, loti tulutsa kapena loti usasunthe? Apa nde pamene pali vuto lonse achimwene, kalakwitsidwe kakang'ono kamene kwa munthu wopanda mfuti nkongokalipiridwa, kwa wamfuti ndi maliro.

MwanaWaSukulu
Akuluakulu pepani ndilowerere. Ife tili pa visa ya sukulu tingagulenso? Komwe ndikukhala kukuopsa.

Palaligo_MD
@MwanaWaSukulu usayerekeze mng'ono wanga. Lamulo la federal limaletsa munthu amene analowa pa visa ngati ya F-1 kukhala ndi mfuti, pali timipata tochepa ngati kukhala ndi laisensi yosakira nyama koma usalowemo wekha osafunsa loya. Amene mapepala anatha nde olo kuigwira kumene ndi mlandu waukulu. A green card ndi nzika ndi amene amaloledwa. Samuka nyumba, ndi kotchipa kuposa mlanduwo.

Tsopano kwa mayi a ku Garland. Ine si loya, ndimagwira ntchito mu ofesi ya maloya, koma ndifotokoze chinthu chimodzi chimene ambiri sitichidziwa. Wapolisi akaombera munthu, khothi silifunsa kuti kodi wophedwayo amaphwanya lamulo? Limafunsa kuti kodi wapolisi wina woganiza bwino, ataima pamalo omwewo nthawi yomweyo, akanaona kuti moyo wake kapena wa ena uli pachiswe? Muyeso umenewu unachokera pa mlandu wa Graham v. Connor mu 1989 ku Supreme Court, ndipo oweruza ananena kuti tisamaweruze ndi nzeru za pambuyo zinthu zitadziwika kale, chifukwa wapolisi amaganiza mkuphethira kwa diso. Nde taonani mmene malamulo awiriwa akuwombanira. Lina likuti mwana wanu ali ndi ufulu woyenda ndi mfuti poyera. Linali likuti wapolisi akaopa mfuti yomweyo ndipo jury, anthu wamba osankhidwa kugamula mlandu, ikavomereza kuti manthawo anali omveka, palibe mlandu. Onse awiri atha kukhala olondola pa pepala, koma woikidwa m'manda ndi mmodzi.

Komanso dziwani kuti nthawi zambiri nkhani imayambira pa foni ya 911, nambala yoitanira apolisi pangozi. John Crawford wa zaka 22 anali mu Walmart ku Beavercreek, Ohio mu August 2014, watola mfuti ya mpweya pa shelefu yomwe amagulitsa momwemo, akuyankhula pa foni. Kasitomala wina anaimba kuti kuli munthu akuloza anthu mfuti. Apolisi anafika mitima ili kale mmwamba nkumuombera. Ohio imalola kunyamula mfuti poonekera, ndiye olo ikanakhala yeniyeni kuigwira kokhako sunali mlandu. Palibe wapolisi anaimbidwa mlandu. Chaka chomwecho mu November ku Cleveland, Tamir Rice wa zaka 12 anali ndi kamfuti kachidole pa paki. Woimba foni ananena kuti mwina ndi yabodza ndipo mwina ndi mwana, koma mawu amenewo sanafike kwa apolisi opita kumaloko. Galimoto itangoima, masekondi awiri, mwana ali pansi. Mwana wanu akamayenda nayo poonekera wapereka moyo wake m'manja mwa aliyense wodutsa amene ali ndi foni, ndi mmene munthuyo afotokozere.

MayiWaKuGarland
Mayo ine. Masekondi awiri munthu unganene chani?

Nyasa_Houston
Mukungosankha nkhani zoipa zokhazokha. Bwanji simukunena za ku Greenwood Park Mall ku Indiana komweko kwa anamwino? July 2022 munthu anayamba kuombera anthu pa malo odyera, anapha atatu, mnyamata wa zaka 22 Elisjsha Dicken anatulutsa yake nkumugwetsa pasanathe masekondi 20. Apolisi anamutcha ngwazi. Akanakhala manja lende kukanafa anthu angati? Zimenezi simuzinena.

Namwino_SouthBend
Ndimaikumbuka bwino, ndipo mnyamatayo anapulumutsadi anthu, sindingatsutse. Koma ikani pambali pake nkhani ya ku Hoover, Alabama, usiku wa Thanksgiving 2018 ku Riverchase Galleria. Kunamveka mfuti mu mall, EJ Bradford wa zaka 21 anatulutsa yake, wapolisi anamuombera cha kumbuyo. Usiku womwewo analengeza kuti apha chigawenga, kenako anabweza mawu kuti woombera weniweni anali wina ndipo anathawa. Mwezi womwewo ku Robbins, Illinois, mlonda wa pa bala Jemel Roberson anagwira munthu amene amaombera, wamupanikiza pansi akudikira apolisi, wapolisi kufika anaombera mlondayo. Mall imodzi watuluka ngwazi, mall ina watuluka mtembo.

WakuNtcheu_Denver
Ndivomereze za khungu, koma tisapange ngati azungu sizimawaonekera, chifukwa mwanayo angaganize kuti vuto ndi tsankho basi ndiye akavala bwino ndi kuyankhula mwaulemu zatha. Kuno ku Colorado, ku Arvada mu June 2021, munthu anapha wapolisi Gordon Beesley pakati pa tauni. Johnny Hurley, mzungu, anali mu shopu pafupi, anatuluka nkuombera chigawengacho. Kenako anatola mfuti yaikulu ya chigawenga chija. Wapolisi wina pofika anaona munthu wagwira mfuti yaikulu, anamuombera, anafa. Munthu amene anapulumutsa tauni. Wapolisi akafika pamene pakulira mfuti sadziwa kuti wabwino ndi uti, palibe yunifolomu ya anthu abwino.

MlamuWaPolisi
Ndiyankhuleko mbali inayo poti mlamu wanga ndi wapolisi konkuno ndipo ndimamva akamacheza. Mayi inu muli ku Garland, Dallas ndi pakhomo panu, mukukumbuka 7 July 2016. Anthu amachita zionetsero za Castile yemweyo ndi Alton Sterling, wakuda winanso amene anaphedwa ndi apolisi, munthu wina anayamba kuombera apolisi, anafa asanu. Pa zionetseropo panali anthu angapo atakoleka mfuti zazikulu pamapewa chifukwa lamulo limalola. Mfuti zitayamba kulira onse anayamba kuthawa ndi mfuti zawozo, nde wapolisi adziwe bwanji kuti woombera ndi uti? Mkulu wa apolisi nthawi imeneyo David Brown anadandaula zomwezi. Bambo wina, Mark Hughes, chithunzi chake anachimwaza pa Twitter ngati woganiziridwa chikhalirecho anali atapereka kale mfuti yake kwa wapolisi zitangoyamba. Nzeru imeneyo ndi imene inamupulumutsa. Apolisi nawo ndi anthu, ali ndi ana kunyumba, ndipo dziko lino aliyense amene amuimitsa amayamba aganiza kuti ali ndi mfuti. Sindikuikira kumbuyo amene anapha Castile, olo mlamu wangayo amati zinalakwika. Ndikungoti mantha ali mbali zonse ndipo mfuti yoonekera imawonjezera nkhuni pamoto.

Namwino_SouthBend
Mantha ali mbali zonse koma amene anaphunzitsidwa ntchito ndipo amalandira malipiro ndi mmodzi. Bwanji wamba ndi amene akuyenera kudekha kuposa wapolisi? Ndipo manthawo amasankha. April 2020 anthu analowa ndi mfuti zazikulu mu nyumba ya malamulo ku Lansing, Michigan, akukalipira apolisi kumaso, palibe anaomberedwa. Mnyamata wachizungu Kyle Rittenhouse ku Kenosha, Wisconsin atangoombera anthu atatu anayenda kulunjika magalimoto a apolisi mfuti ili pachifuwa, anamudutsa. Koma a Black Panthers, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, atalowa ndi mfuti ku nyumba ya malamulo ku Sacramento mu 1967, chaka chomwecho California inakhazikitsa Mulford Act yoletsa kuyenda ndi mfuti yodzaza poyera, anasainira Ronald Reagan. Ufuluwu umakoma akaugwira ena.

Mjoni77
Ine zikundidabwitsa za kwanuko. Kuno ku Joni umbava ndi woopsa kuposa, koma olo uli ndi laisensi lamulo limati mfuti ikhale yophimbika yonse ukamayenda pagulu. Ndipo anyamata akuno akadziwa kuti uli nayo amakutsata chifukwa cha mfutiyo, ndi katundu wodula kwa iwo. Nde zoti wakuba akaiona amaopa ine ndakayika, amangodziwa woyamba kumugwetsa.

Gogo_Leeds
Kuno ku England apolisi ambiri oyenda mumsewu sanyamula mfuti nkomwe. Mwana wanga bwererani kuno kapena kumudzi, dziko lotani loti mwana apite kukadya nsima kwa amake ndi mfuti.

Kabaza_Dallas
Agogo kumudzi nakonso apolisi anapha anthu 20 pa zionetsero za July 20 2011 opanda ndi mfuti yomwe. Tisamakometse.

Gogo_Leeds
Sindinaiwale mwanawe, ndinali ku Mzuzu nthawi imeneyo ndipo maliro ake ndinawaona ndi maso anga. Koma kumudzi sindinaonepo munthu akugula tomato ndi mfuti m'chiuno.

Kabaza_Dallas
Komanso vuto lenileni ndi ntchitoyo. Shifiti ya usiku pa filling station wekhawekha ndi yoika moyo pachiswe, amwenye ndi ma Africa ndi amene timaigwira chifukwa eni dziko amaikana. Mayi mwanayo achite kosi ya CNA, ya othandizira anamwino, kapena alowe ku warehouse, malipiro sasiyana kwenikweni. Pali wina akudziwa kumene akulemba ku Garland kapena Mesquite?

AdminWachiwiri
Za ntchito mutumizirane ku inbox chonde. Tibwerere pa funso la mayiwa.

TrakiYaUsiku
Ndaimika thiraki tsopano ndilembe bwino. Ine mfuti ndili nayo zaka 9, ndili mbali ya a Houston pa zoti munthu adziteteze. Koma poonekera ayi, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake.

Chaka china ndikuchokera ku tchalitchi madzulo pa galimoto yanga yaing'ono anandiimitsa chifukwa nyali imodzi ya kumbuyo inali itafa. Mfuti inali m'chiuno kumanja, jekete ndinali nditavula nde imaoneka. Ndinachita zonse zimene anatiphunzitsa ku kalasi, kuima pamalo owala, kuzimitsa injini, kutsitsa magalasi onse, kuyatsa nyali ya mkati, manja onse pa chiwongolero zala zotambasula. Wapolisi anali kamnyamata, mwina wamng'ono kwa mwana wanuyo. Anabwera mbali ya pasenja tochi ili mmanja, kuwala kutangogwera pa lamba wanga mawu ake anasintha pompo, anabwerera mmbuyo nkutulutsa yake. Ndimaona kamlomo ka mfuti kakunjenjemera, dzanja lake limanthunthumira abale. Akukuwa kuti ndisasunthe, mnzake mbali inayi akukuwa kuti nditulutse manja pawindo. Awiri akulamula zosiyana. Ndinasankha kusasuntha, ndikungobwereza pang'onopang'ono kuti manja anga ali pa chiwongolero, ndili ndi laisensi, ndiuzeni mmodzi chochita. Mphuno imandiyabwa koma sindinayerekeze kukanda. Mpaka anabwera wachikulire wina nkuwakhazika mtima pansi, ananditulutsa, anaichotsa yekha mfutiyo, anaona mapepala, nkundibwezera ataichotsa zipolopolo. Anandipatsa chenjezo la nyali basi. Nditafika kunyumba ndinakhala mgalimoto mphindi 30 miyendo ikukana kuima.

Sindinalakwe kanthu tsiku limenelo ndipo ndikanafa wosalakwa. Chingerezi changa ndi cha ku Dedza, munthu akapanikizika lilime limabwerera kumudzi, nde ganizani mwana woti sanapiteko ku kalasi iliyonse, magazi ndi owira, akufuna kufotokozera wapolisi za ufulu wake pa msewu.

Nde mayi muuzeni izi. Poti laisensi sikukakamizidwanso sizikutanthauza kuti asakaitenge, kalasi ya License to Carry ndi ya maola 4 mpaka 6 basi ndipo amaphunzitsa malo oletsedwa ndi zikwangwani zija zoletsa mfuti za 30.06 ndi 30.07 zimene amamata pa zitseko za mashopu. Waleti asamaike thumba la mbali imene kuli mfuti. Laisensi ndi inshuwalansi zikhale pa sun visor kuti dzanja lisapite m'chiuno. Akamadutsa state ina afufuze kaye, malamulo amasiyana, ku Michigan mwachitsanzo umayenera kumuuza wapolisi nthawi yomweyo akangokuimitsa. Ndipo chachikulu, zikachitika kuntchitoko waombera kapena watulutsa mfuti, apolisi asamupeze ili mmanja. Aiike pansi, atalikire, manja mmwamba, olo wakubayo athawe. Afunsenso abwana ake ngati amalola mfuti pa ntchito, malo ambiri salola ndipo atha kuchotsedwa.

Nyasa_Houston
Apa nde tagwirizana akulu. Inenso kunena zoona ndimabisa, poonekera ndimavala ndikapita ku range kophunzirira kuombera kokha. Chimene ndimakana ndi choti munthu wakuda asakhale nayo nkomwe. Roger Fortson anali msilikali wa Air Force, ali mnyumba mwake ku Fort Walton Beach ku Florida May 2024, wamva kugogoda watsegula chitseko mfuti yaloza pansi, wapolisi anamuombera pomwepo. Nde tinene kuti olo mnyumba mwathu tisasunge? Wolakwa ndi wapolisiyo, anamuchotsa ntchito ndipo anamutsegulira mlandu. Tizilimbana ndi apolisi oterewa, osati kulanda ana athu chodzitetezera.

Namwino_SouthBend
Kulimbana nawo ndikuvomera ndi mtima wonse. Koma mlandu umatsegulidwa mwana ataikidwa kale. Ine ndimagwira ku chipinda cha ovulala, ndawaonapo amayi akupatsidwa thumba la pulasitiki muli nsapato ndi foni ya mwana wawo. Washington Post inawerenga kuyambira 2015, apolisi amapha anthu pafupifupi 1,000 chaka chilichonse powaombera, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kuti anali ndi chida. Ine wanga ndingamuuze kuti aisiye kunyumba mu sefa, asinthe ntchito. Koma ndikudziwa kuti mwana wa zaka 23 sungamulande.

Palaligo_MD
Chinanso mayi, musaiwale kuti mwanayo analozedwa mfuti kumutu mwezi wathawu. Kuivala poonekera mwina ndi njira yake yonenera kuti sindidzagwadanso pamaso pa munthu. Mukangolimbana ndi mfutiyo osafunsa mmene akugonera usiku, adzakuuzani kuti wabisa kenako akatuluka pa geti aitulutsa. Munthu amene akudzidzimukabe ndi amene dzanja limathamangira m'chiuno wina akangotsegula chitseko mwamphamvu.

MayiWaKuGarland
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. A Palaligo mwandilasa mtima chifukwa ndi zoona, sindinamufunse. Usiku wathawu ndinamuitana ndipo sindinayambe ndi za mfuti, ndinamufunsa za tsiku lija. Anakhala chete nthawi yaitali kenako anandiuza kuti anamugoneka pansi chafufumimba kuseri kwa kauntala ndipo amangoganiza kuti amayi amva bwanji. Akuti mpaka pano belu la pachitseko likalira mtima umadumpha. Tinalira tonse. Kenako ndinamupatsa foni kuti awerenge yekha zimene alemba a Traki, anawerenga mpaka pamene akunena za dzanja lonjenjemera lija nkuyambiranso. Kusiya mfuti wakana. Koma wavomera kuti aziivalira mkati, ndipo kalasi ija akalembetsa, ndati ndilipira ine. Za kusintha ntchito akuti aganiza kaye. Bambo ake nawo afewa, akuti apita naye limodzi ku kalasiko. Mtima sunakhazikike kwenikweni, akangochedwa kuyankha meseji ndimayamba kuyang'ana nkhani za ku Dallas. A Traki, mungalole kuti akuimbireni? Ine ndikanena amati amayi mumangoopa, mwina kwa inu amva.

TrakiYaUsiku
Andiimbire mayi, nambala ndakutumizirani ku inbox. Loweruka ndikhala ndikutsitsa katundu ku Fort Worth mpaka cha m'ma 11, ndikamaliza nditha kudutsa konko tikakhale pansi. Abwere ndi holster yakeyo ndiione, zambiri zotchipazi sizigwira bwino mfuti ikakhala mkati mwa lamba.

Kabaza_Dallas
Ndapeza warehouse ina ku Mesquite ikulemba shifiti ya masana, ndatumiza link ku inbox kwanu mayi. Atumize mapepala lisanafike Lachisanu.